Ndaoneranso The Lion King ndi ana, koma ulendo uno Chizungu ndamva

Make Mapasa: Abale anga, ndikudziwa kuti pagulu pano timakambirana za mapemphero ndi zopepesa maliro, koma lero mundilole ndibweretse nkhani ya katuni. Dzulo mvula inatitsekera m'nyumba tsiku lonse, ana akungolimbirana foni yanga. Ndiye ndinati bwerani ndikuonetseni filimu imene mayi anu ankaifera ali Sitandade 4. The Lion King, yakale ija ya 1994, osati ya 2019 ya nyama zooneka ngati zenizeni. Ine ndinaionera koyamba kwa aneba ku Chilomoni, pa tepi yotha kale, moti pena chithunzi chinkangochita mizeremizere mpaka mwini nyumba kumenya deki ndi chikhatho. Chizungu sitinkamva. Tinkangodikira kuti njiri ija iphwise, tigwe nako kuseka.

Dzulo Chizungu ndamva chonse, ndipo chandipweteka. Paja Mufasa, mfumu ya mikango, wagwa m'chigwa, nyumbu zadutsa, kamwana kake Simba kakumukoka khutu kuti adzuke, kenako nkudzipanikiza pansi pa mkono wake. Pamenepo ndinkalirapo kale. Chimene sindinkachimva ndi zimene Scar, m'bale wa Mufasa amene anamupha, akunena atatulukira m'fumbi muja. Sakukalipa ayi. Akumukokera mwanayo pachifuwa, nkumuuza mofatsa kuti zoterezi palibe amene amazifuna, komabe pakanapanda iwe bambo ako bwenzi ali moyo. Kenako nkumufunsa kuti nanga mayi ako aganiza chiyani. Basi. Mwana uja anasenza mtembo umene sanaphe mpaka kumera manyenje.

Mumtima ndinangoti ameneyu ndi woneneza abale uja wa pa Chivumbulutso 12:10. Ndiye ndikufunseni, ndine ndekha ndikuona uthenga m'filimu imeneyi, kapena ukalamba wandiyamba?

Wa Kwayala: Ukalamba achemwali 😂 Koma zoona, ife tinkaimba chiyambi chija ngati malilime. Aliyense ndi mawu ake, bola kukuwa.

Aphunzitsi a Sande Sukulu: Simuli nokha amayi. Ine ndinaiona kalekale kuti ndi mwana wolowerera wa pa Luka 15. Wachoka kwa bambo, wapita ku dziko lakutali, wakakhala ndi nkhumba (njiri si nkhumba kodi?), akudya zimene kwawo sakanazinunkhiza nkomwe. Mphutsi, mbozi, tizilombo ta pansi pa chipika. Kenako wakumbukira mumtima, wabwerera. Ndipo chiyambi chenichenicho, nyani akumupaka mwana zamadzimadzi za chipatso pachipumi nkumunyamula m'mwamba, kuwala nkutsika m'mitambo. Ine ndimangoona Simeoni m'kachisi atafukata Mwana, kapena Samueli ndi nyanga ya mafuta kwa Yese.

Abambo Mkulu wa Mpingo: Ana anga, moni nonse. Ine filimuyi ndinaionera ndi adzukulu, si kuti ndikuyankhula zakumva. Tiyeni tisamabatize chilichonse chimene chatiliza. Nyani ameneyo ndi sing'anga. Ali ndi ndodo ya zikho, amawaza zinthu m'chigoba cha kamba, amaombeza nkudziwa kuti mwana ali moyo. Ndiyeno akumutengera mnyamata ku dziwe kuti akayankhule ndi bambo ake akufa. Deuteronomo 18 ikukana zofunsira kwa akufa. Sauli anazichita ku Endori, pa 1 Samueli 28, ndipo mukudziwa m'mene zinathera. Mufasayo akuphunzitsanso mwana kuti mafumu akale ali m'nyenyezi, akutiyang'anira. Ife zimenezi tikuzidziwa bwino, makolo athu ankakhulupirira kuti mfumu ikafa itha kusanduka mkango. Mpingo unavutika kuti anthu asiye kuthira nsembe pa mtengo wa mpoza. Lero zibwererenso kudzera pa katuni, ife nkumati aleluya?

Wa Kwayala: Abambo afika ndi chikwapu. Ine ndakhala pansi.

Make Mapasa: Abambo, ndakumvani ndipo sindikutsutsa. Mmodzi wa mapasa anandifunsadi usiku kuti kodi agogo ali m'nyenyezi. Ndinachita kukhala naye pamphasa nkumulongosolera. Ndiye nkhawa yanuyo si yopanda pake. Koma sindinati filimuyi ndi Baibulo. Ndati muli china chimene chinandikumbutsa Baibulo.

Wophunzira za Umulungu ku Zomba: Ndiponyepo pang'ono, mwaulemu kwa abambo. Amene anakonza filimuyi ananena okha kuti nkhaniyi anaiumba akuyang'ana mbiri ya Mose ndi ya Yosefe, kuphatikizapo sewero la Shakespeare la Hamlet, lomwenso muli mfumu yophedwa ndi m'bale wake ndi mzukwa woonekera kwa mwana. Ndiye Make Mapasa sakulota. Fupa la nkhaniyi ndi la m'Baibulo ndithu, kungoti analikuta ndi chikopa china. Mzukwawo anautenga kwa Shakespeare, malo anakajambula ku Kenya, maina ambiri ndi a Chiswahili (Simba ndi mkango, Rafiki, dzina la nyani uja, ndi bwenzi), ndipo mawu otsegulira amene a Wa Kwayala ankayesa malilime aja ndi Chizulu, woimba ndi Lebo M wa ku South Africa. Akungoti nawu mkango ukubwera, bambo.

Koma aphunzitsi, pa mwana wolowerera ndikusiyana nanu pang'ono. Wa pa Luka 15 anachoka mwa kufuna kwake, chuma chili m'thumba. Simba anathamangitsidwa ndi bodza. Amene akufanana naye kwambiri ndi Mose. Wakulira kunyumba ya mfumu, pachitika imfa, wathawira ku Midyani, wapeza moyo wina wabata, akuweta nkhosa za apongozi zaka 40 monga akunenera Machitidwe 7:30, pamene abale ake akulira kwawo. Kenako mawu akumupeza kuthengo nkumuuza kuti bwerera. Kusiyana kwake nkwakuti Mose anaphadi Mwaigupto uja. Simba sanaphe munthu.

Aphunzitsi a Sande Sukulu: Sanaphe, koma kusamvera anali nako. Anauzidwa kuti malo a mdima aja usapiteko, iye nkupita, nkutenganso mwana wa eni ake.

Wophunzira za Umulungu ku Zomba: Zoona, ndipo taonani m'mene Scar anamukopera ku manda a njovu kuja. Sanamuuze kuti pita. Anangoti kumeneko kumapita mikango yolimba mtima yokha, kenako nkunamizira kuti pakamwa pandipulumuka. Ndi njoka ya pa Genesis 3 yeniyeni, yosakukankha koma kungokusiyira funso. Koma mlandu umenewo bambo ake anauweruza usiku womwewo, nkumukhululukira, mpaka kugubuduzana pa udzu. Ndiye chifukwa chake bodza la m'chigwa linagwira msanga. Mwana ankadziwa kale kuti ine ndimalowetsa bambo m'mavuto. Woneneza sayambira pa zero, amatenga kachoonadi kakang'ono nkukapachikapo katundu amene si wako.

Anamwino a ku Leeds: Ndawerenga zonsezi ndili pa basi ndikuchokera ku naiti. Ine chimene ndachigwira lero ndi ichi. Pa Chizungu Scar amangotchedwa uncle, ndiye tinkangoganiza kuti ndi malume. Koma ndi mng'ono wake wa Mufasa. Kwathu ameneyo ndi bambo aang'ono. Ndi bambo. Bambo akamwalira, ameneyo ndiye amakugwira dzanja pa manda. Ndiye tangoganizani kuti mawu oti wapha ndiwe akuchokera m'kamwa mwa bambo aang'ono. Ungakaike bwanji? Ukaikire ndani?

Wa Kwayala: Komatu tikanena za kwathu ku Kasungu, Simba pa ufumu paja palibepo. Ufumu ndi wa kuchikazi, amalowa ndi mwana wa mlongo wa mfumu. Scar akanangopita kwa a T/A, mlandu akanawina popanda kuponya munthu ku phompho 😂

Abambo Mkulu wa Mpingo: Mikango imeneyi ndi Angoni, mwana wanga. Mwana wa mfumu ndiye mfumu.

Wa Kwayala: Abambo nawonso aseka! Lembani tsiku la lero.

Akatekisiti: Ndilowepo ngati mlendo wa mpingo wina, popeza munandilandira pagulu pano. Pa za akufa, ife timasiyana pang'ono ndi abambo. Kuombeza timakana tonse. Koma kuti amene anatsogola sanatheretu, kuti pali mtambo wa mboni wotizinga monga pa Ahebri 12:1, zimenezo timazivomereza. Ndipo mu filimu muja Simba sanathire nsembe, sanapemphe mankhwala kapena mwayi. Anangomva kuti ndiwe mwana wanga. Ine mawu ochokera m'mitambo onena zimenezo amandikumbutsa pa Yordano, Mateyu 3:17. Sindikuti Mufasa ndi Mulungu, mundimvetse. Ndikuti nkhani ikafuna kuchiza munthu wothawa kwawo, imakathera pa mawu omwewo, kaya wolembayo amapemphera kaya ayi.

Chinanso ndi mvula. Scar atalowa ufumu dziko linauma, nyama zinasamuka, kunatsala mafupa okhaokha. Atagwa, mvula inagwa. Ku Baibulo ndi Ahabu, zaka zitatu ndi theka kopanda dontho monga akunenera Yakobo 5:17, mpaka Eliya atathana nazo pa Karimeli. Komanso makolo athu ankadziwa kuti magazi osalakwa amamanga mvula. Pitani ku Nsanje mukamve nkhani ya Mbona ku Khulubvi. Ndiye pamenepa Baibulo ndi makolo akuloza kumodzi, kuti tchimo la wolamulira limagwera ndi nthaka yomwe.

Abambo Mkulu wa Mpingo: Akatekisiti, pa Ahabu tagwirizana. Pa Mbona tidzakambirana tsiku lina, pakhonde, tiyi ali patsogolo. Ahebri 12 ikutiuza kuti tiyang'ane kwa Yesu, osati kwa mtambowo. Koma ndavomera kuti mnyamatayo sanathire nsembe.

Anamwino a ku Leeds: Pali chimodzi chimene ine chimandikanika kumeza, ndipo si cha mizimu. Ndi afisi. Inde kwathu fisi alibe mbiri yabwino, amati ndi galimoto ya afiti. Koma mu filimu muja afisi ndi mtundu wonse wobadwa woipa, okhala ku mdima, anjala, oti akangololedwa kulowa m'dziko ndiye kuti chakudya chatha. Ukakhala mlendo m'dziko la eni, nkumamva pa wailesi kuti obwera akutithera zinthu, umayamba kuonera filimuyi uli mbali ya afisi. Yesu akanabwera ku Pride Rock, thanthwe la mikango lija, ndikukhulupirira akanakadya nawo ku manda a njovu, akuluakulu nkumadandaula.

Wophunzira za Umulungu ku Zomba: Apa mwalasa. Ndipo chiphunzitso cha Mufasa choti moyo umangozungulira, ife timadya agwape, tikafa timasanduka udzu, agwape nkudya udzuwo, nchokoma kumva ukakhala mkango. Funsani gwape. Uthenga Wabwino sunena kuti imfa ndi gawo la dongosolo labwino. Umati imfa ndi mdani womaliza, 1 Akorinto 15:26. Ndipo Yesaya 11 akulota tsiku limene mkango udzadya udzu ngati ng'ombe. Ndiye ine ndikanakhala abambo, mfuti ndikanalozetsa pamenepo kusiyana ndi pa nyani.

Wa Kwayala: Ndiye kuti pamene Simba ankadya mbozi ndi Pumbaa mpamene anayandikira kwambiri kwa Yesaya 😂 Mkango ndi njiri mphasa imodzi.

Aphunzitsi a Sande Sukulu: Inu musandisokonezere phunziro! Koma nthabwala yanuyo yandikumbutsa. Mwana wina ku Sande Sukulu anandiuza kuti hakuna matata, mawu a mu filimu aja oti palibe nkhawa, ndi chimodzimodzi ndi Mateyu 6:34, musadere nkhawa za mawa. Ndinasowa choyankha kwa kanthawi. Kenako ndinati Yesu akuti usade nkhawa chifukwa uli ndi Atate. Timon, mnzake wa Pumbaa, akuti usade nkhawa chifukwa ulibe aliyense, dziko likakufulatira nawenso ulifulatire. Mawu ofanana, nyumba zosiyana. Komabe awiri aja sindiwada. Anatola mwana wa eni ake m'chipululu miimba itamuzungulira kale, mwana woti akakula atha kuwadya. Wansembe ndi Mlevi akanadutsa.

Achimwene a ku Joni: Ine sindilembalemba pagulu pano, ndimangowerenga. Koma anamwino atanena za bambo aang'ono ndinayika foni pansi nkutuluka panja.

Mayi anga anamwalira mu 2015. Ndinali kuno. Anadwala Lachiwiri, mlongo wanga anaimba kuti tumizani ndalama ya galimoto tipite nawo ku chipatala cha kuboma. Ine ndinali ndisanalandire, ndinati dikirani Lachisanu. Ndalama yokongola ndikanaipeza, koma ndinaganiza kuti ndi BP ija ya masiku onse. Lachinayi usiku anatisiya. Ndinafika maliro ataika kale. Tili pa bwalo, anthu ali phee, mayi aakulu anandiyang'ana nkunena kuti wabwera kudzaona ntchito ya manja ako. Palibe anayankha. Amalume anangowerama. Ndinagona masiku awiri, ndinakwera basi, ndipo kuyambira pamenepo sindinapondeko. Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya. Koma phazi langa ayi.

Kuno ndili ndi anzanga abwino, timawotcha nyama Lamlungu, timaseka. Ndi a Timon anga amenewo. Palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa nkhaniyi.

Ndiye inu mukuti Simba sanaphe munthu, anangonamizidwa. Chabwino, iyeyo anali ndi mwayi, Scar anaulula. Nanga ife amene mlandu wake uli pakatikati? Ine Lachisanu ndinanenadi.

Make Mapasa: Achimwene. Ndakhala ndikulemba nkumafufuta. Pepani kwambiri. Zaka zonsezi timangoti achimwene ndi otanganidwa.

Anamwino a ku Leeds: Achimwene, ndiyankhule ngati namwino kaye, kenako ngati mlongo wanu. Za mayi sindingaweruze, sindinawaone. Koma ndaona anthu ofika ku chipatala mphindi zochepa chabe atagwa, madokotala onse ali pomwepo, makina onse alipo, nkupitabe. Ndaonanso ochedwa masiku nkuchira. Palibe munthu, ngakhale mayi aakulu, amene angaime pa bwalo nkunena motsimikiza kuti Lachitatu akanapulumuka. Amene ananena mawu aja anali ataluza mng'ono wawo, chisoni chinkafuna pogwera, chinagwera pa amene anafika mochedwa. Ndimaziona kuno kawirikawiri, abale kulozana zala m'khonde la wodi. Monga mlongo wanu ndingoti, munali mnyamata wosalandira, mukuwerenga masiku a mwezi ngati tonsefe.

Wophunzira za Umulungu ku Zomba: Achimwene, mwandipangitsa kubwezanso filimuyi pa laputopu, chifukwa funso lanu linandikayikitsa zimene ndinalemba pamwambapa. Ndapeza chinthu chimene sindinachionepo chiyambire.

Pamene Mufasa akuonekera m'mitambo, sakumuuza mwana wake kuti sunandiphe ndiwe. Taganizani. Ndi yekhayo, kupatula Scar ndi afisi, amene akudziwa chimene chinachitika pa thanthwe paja. Mawu awiri okha akanamasula mwanayo. Koma sakutchula za m'chigwa nkomwe. Akungomuuza kuti wandiiwala, wadziiwala, ndiwe mwana wanga. Ndiye Simba akuthamanga kubwerera kwawo akukhulupirirabe kuti anapha bambo ake. Akufika, Scar akumuimika pamaso pa mayi ake ndi mikango yonse yaikazi nkumuuza kuti auze anthu amene anachititsa imfa ija. Iye akuvomera kuti ndine. Mayi ake akumuyandikira, akumuchonderera kuti anene kuti si zoona, iye akuti nzoona. Choonadi chikudzatuluka pambuyo pake, iye akulendewera pa thanthwe moto uli pansi, Scar atamunong'oneza m'khutu poganiza kuti wathana naye.

Ndiye aphunzitsi, ndikubwezereni mfundo yanu. Mumtima mwake, amene ankabwerera uja anali mwana wolowerera ndithu. Sanabwerere chifukwa choti mlandu wamukomera. Anabwerera mlandu uli pamutu, chifukwa bambo anamutchula mwana asanaukambe nkomwe. Pa Luka 15 paja mwana anakonza mawu panjira, oti sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, mundiyese wantchito. Bambo sanamulole nkumaliza komwe, anaitanitsa mwinjiro. Achimwene, ndalama ya mwezi ndi mwezi ija, mundikhululukire, ikumveka ngati mawu aja oti mundiyese wantchito.

Aphunzitsi a Sande Sukulu: Mwinjiro, mphete, nsapato. Akapolo sankavala nsapato.

Wa Kwayala: Ine lero nthabwala zandithera. Achimwene, tili nanu.

Abambo Mkulu wa Mpingo: Mwana wanga wa ku Joni, ndi ine bambo ako, ndikuyankhula pamaso pa anzako chifukwa nawenso wayankhula pamaso pawo. Za nyani ndaziika pambali, maganizo anga sanasinthe koma lero si tsiku lake.

Mayi ako ndinkawadziwa, tinkakhala limodzi m'komiti ya zomangamanga. Pa maliro paja ndinalipo. Mawu aja ndinawamva ndi makutu angawa, ndipo ndinali mmodzi wa amene anawerama. Ndinati ndi za pabanja, mkulu wa mpingo asalowerere. Ndinalakwa. Ndinayenera kukutsatira kuseri kwa nyumba tsiku lomwelo. Undikhululukire.

Tsono umve. Usiku umodzi anthu awiri anamulakwira Ambuye, Yudasi ndi Petro. Onse awiri anamva chisoni. Wina anatenga chisoni chake nkupita nacho yekha kuthengo. Wina anakhala pakati pa abale, manyazi ali m'maso, mpaka Ambuye anamupeza pa nyanja nkumuotchera nsomba. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akuti chisoni chilipo cha mitundu iwiri, china chobala kulapa, china chobala imfa. Ngati pali gawo lako pa Lachisanu lija, laling'ono kaya lalikulu, ulipereke kwa Mulungu ndi dzina lake, Iye sakana. Koma gawo limene si lako usalisenze. Masiku a mayi ako sanali m'thumba mwako. Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ukadzabwera udzafikire kwa ine, kumanda tidzapitira limodzi, kwa mayi aakulu ndidzalowa ndine patsogolo.

Akatekisiti: Abambo, apa mwatiphunzitsa tonse. Ine ndilibe choonjezera.

Achimwene a ku Joni: Abambo, zikomo. Sindinkadziwa kuti munaliko, tsiku lija sindinkaona nkhope ya munthu. Sindikulonjeza kanthu panopa. Mapepala anga kuno si olongosoka, ndikatuluka kubwerera kwake nkovuta, ndipo ntchito ndi ya kwa mwini wake. Komanso kunena zoona ndikuopa. Simba anakapeza Scar woti amenyane naye. Ine ndikakapeza gogo wokalamba woti mwina anaiwala kuti ananenapo chiyani.

Anamwino a ku Leeds: Mwina anaiwaladi. Mwinanso akhala zaka zonsezi akudziwa kuti anathamangitsa mwana wa mng'ono wawo, nawonso nkumasowa poyambira.

Make Mapasa: Ndipo Simbayo atamupeza Scar sanamuphe. Anamukhalira pakhosi, mpata anali nawo, koma anangomubwezera mawu ake omwe oti thawa. Anamudya ndi afisi ake omwe atamumva akuwakankhira mlandu. Mapasa anakhumudwa nazo, amafuna ndewu ithe ndi Simba. Ine ndinawauza za Davide m'phanga, atadula kansalu ka Sauli nkumusiya wamoyo. Mmodzi anati ndiye Davide anali wamantha. Ntchito ndili nayo.

Wa Kwayala: Ana a masiku ano atha kumufunsa Goliati kuti ali ndi ma followers angati.

Aphunzitsi a Sande Sukulu: Abambo, ndipemphe chilolezo pano pomwe anthu akuona. Pa holide ikubwerayi ndikufuna kuonetsa ana a kalasi yaikulu filimuyi mu holo, kenako tikambirane. Za nyenyezi ndi za sing'anga ndiziika poyera, sindibisa. Mwana adziwe kusankha mankhusu mu mpunga akadali ndi ife, chifukwa pa foni akuonera zoposa pamenepa tilibe nkomwe.

Abambo Mkulu wa Mpingo: Mubweretse ku bwalo la akulu a mpingo, sindingavomere ndekha. Ndipo ndidzakhalapo, pa mpando wakutsogolo, Baibulo lili pamwendo. Nyani akadzayamba zake zija mudzaimitse kaye.

Wa Kwayala: Abambo mungonena kuti mukufuna kuoneranso 😂

Abambo Mkulu wa Mpingo: Mawu a Mufasa ndi abwino, zimenezo sindikana. Akanakhala mlaliki, tchalitchi chikanadzadza.

Wophunzira za Umulungu ku Zomba: Anali a James Earl Jones, anamwalira mu September 2024 ali ndi zaka 93. Ali mwana anali wachibwibwi kwambiri moti anakhala zaka zingapo osayankhula kwenikweni. Mose uja anakana kutumidwa ponena kuti ndine wa lilime lolemera. Ndangoti ndiponyepo.

Achimwene a ku Joni: Ndamuimbira mlongo wanga. Nthawi zonse timangolemberana za ndalama, mawu ake ndinali ndisanawamve chaka chino. Sanayankhe. Ndaona kuti waona.

Make Mapasa: Mwina ali ku dimba. Dikirani.

Achimwene a ku Joni: Waimba yekha. Poyamba anaganiza kuti kwagwa zovuta, anafunsa katatu kuti muli bwino. Ndinamuuza kuti ndimangofuna kukumva. Anakhala chete, kenako anayamba kundiuza za mbuzi, za mwana wake amene walemba mayeso a Sitandade 8, woti ine ndinamusiya akukwawa. Za mayi sitinakambe. Pomaliza wati nyumba ya mayi ikudontha mbali ya kuchipinda kwanga, malata awiri anachita dzimbiri, ndipo iye sakufuna kuitana mmisiri chifukwa amene anakhoma denga lija ndi ine.

Abambo Mkulu wa Mpingo: Makwerero ndili nawo, ndi hamala yomwe. Misomali ubweretse.